Mankhwala Otembenuza Mimba

Lolemba, 11 Malichi

Mphepo ya fumbi kuyambira m'mawa. Mafuta sanayende. Bambo akhala akukalipira makina oyengera chitowe tsiku lonse, ngati fumbilo abweretsa ndi makinawo.

Asisi Ruolan ayimanso. Miyezi iwiri. Ananena ali chiimire pakhomo la shopu, botolo lopanda kanthu m'manja. Amayi anawomba m'manja, kenako anakumbukira, manja n'kugwa. Atsikana awiri kale: Laidi wa zaka zisanu ndi Pandi woyamwa chala uja. Mayinawo anapereka ndi apongozi a asisi, Mayi Dou. Lina likuti "bwera mchimwene", linalo "tikudikira mchimwene". Ana amoyo, kuwasandutsa belu loitanira munthu wina.

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Mayi Dou apita kwa sing'anga Pang, wa kuseri kwa msika wa nkhumba, akagula mankhwala otembenuza mimba. Ati ngati m'katimo muli mtsikana, atembenuka akhale mnyamata. Ndinaseka mpaka kutsamwa. Asisi sanaseke.

Ndafukula buku langa la bayoloje pansi pa bedi. Fungo la chuku. Tsamba lija likadali lomwelo, timabokosi tinayi. Dzira la mayi limanyamula X, X basi, lilibe china choti lipereke. Mbewu ya bambo ina ili ndi X, ina ili ndi Y. Yomwe yafika pa dzira ndiyo yagamula. X ndi X mtsikana, X ndi Y mnyamata. Mlandu umatha tsiku lomwelo, mayi asanayambe n'kuchita nseru komwe. Kuchokera pamenepo selo lililonse la mwanayo limangokopera zomwezo. Ndiye Pang alowa selo ndi selo ndi labala wofufutira?

Aphunzitsi a Shen ankati: "Atsikana inu, apongozi akadzakulozani chala, mudzachigwire mwaulemu n'kuchilozetsa kwa mwana wawo." Kalasi yonse kufa nako kuseka. Woseka kuposa onse anali Cuiping, wa desiki yanga. Atamaliza kuseka anakopera timabokosi tanga, monga ankachitira ndi chilichonse.

Cuiping. Dzinalo ndalemba mosafuna. Zaka zitatu desiki imodzi. Ine mayeso olowera ku yunivesite anandigwetsa, iye anakwatiwa kwa a Feng ogulitsa matailosi. Pa ukwati wake anandikhazika pafupi ndi chitseko, n'kuuza azilamu ake kuti: "Uyo ndi dokotala wathu wa mafuta. Matumbo a chule amawadziwa onse, koma ukamukumbatira ununkha chitowe sabata yonse." Anaseka. Inenso ndinaseka, mano okha. Chaka chachiwiri tsopano sindimuyankhula. Akamadutsa ndimapukuta mabotolo.

Lachitatu, 13 Malichi

Ndinakapereka mafuta kwa a Dou. Ndawaona mankhwala aja. Bokosi lofiira pamwamba pa kabati, pafupi ndi chithunzi cha malemu amuna awo. M'kati timipira takuda, kukula ngati dzira la zinziri, kalikonse m'kapepala kagolide. Kamodzi m'mawa uliwonse, mwezi wathunthu. Atafune atayang'ana kotulukira dzuwa, atavala malaya a mwamuna wake. Ayamba Lolemba, ati kalendala ikuti ndi tsiku labwino.

Mayi Dou monyadira: "Ndipo ukabereka mtsikana amakubwezera ndalama zonse. Wabodza angatero?"

Angatero kumene! Theka amuna, theka akazi, timabokosi tija timatero, Pang alipo kaya palibe. Ngakhale atamagulitsa ndowe za mbuzi, theka la makasitomala ake adzabereka amuna n'kumuyimbira nyimbo. Enawo awabwezera ndalama, n'kuwauza kuti munayang'ana kolakwika. Wakuba wodziwa masamu.

Ndinaviika chala m'mafuta n'kujambula timabokosi patebulo. Ndinayamba mwaulemu, zoonadi ndinayesetsa. Iwo kuyang'ana tebulo, kuyang'ana ine: "Mayeso munalephera aja ndi omwewa?"

Moto m'mutu. Anawonjezera kuti munda ndiwo umabala, munda wa mwana wawo ndi wozizira. Ine ndinati, "Mukafesa mawere simukolola tirigu, mayi. Kamufunseni mwana wanu kuti anafesa chiyani." Asisi kunditsina pantchafu, chipsera chilipo mpaka pano.

"Mtsikana wosakwatiwa kumakamba za mbewu ya mlamu wake! Kwanu manyazi munagulitsa pamodzi ndi mafuta?" Anapukuta tebulo ndi chisanza, timabokosi tonse fufuti.

Chomwe chikundivuta si kupusako. Aphunzitsi a Shen anatiuzapo kuti ena ogulitsa zimenezi amasinjiramo mapiritsi a mahomoni achimuna. X sangasanduke Y. Koma chimene mayi wameza chimayenda ndi magazi, n'kufika kwa mwana kudzera pamchombo. Ndipo miyezi iwiri kulowa wachitatu ndi pamene ziwalo zobisika zimaumbika. Ngati ndi mtsikana, amakhalabe mtsikana, koma amabadwa ziwalo zitasokonekera. Moyo wake wonse mipeni ya madokotala ndi manong'onong'o a anthu.

Sindikudziwa chili m'timipira ta Pang. Mayi Dou nawonso sakudziwa. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo tulo akugona.

Lachisanu, 15 Malichi

Ndawaimbira alamu anga a Jianbo. Ali kutali ndi lole, phokoso la msewu lokhalokha. "Mlamu, zimenezo n'za azimayi. Amayi anga angaphe mdzukulu wawo? Nanga ukwatiwa liti iwe, tidye mpunga?" Foni n'kudula. Amene anapereka X kwa atsikana awiri aja ndi ameneyo. Sadziwa n'komwe.

Amayi, akusankha miyala m'chitowe, osadzutsa mutu: "Mwana wamkazi akakwatiwa ndi madzi otayidwa pabwalo. Sawoleka." Ndinawafunsa ngati inenso akudikira tsiku londitaya. Anapitiriza kusankha miyala. Ndizisunga zimenezi.

Asisi ndinawapeza akuchapa kuseri. Ndinati mukane. Ndinati mulavule. Ndinati bwerani kwathu. Zonse ankangopukusa mutu. "Peizhen, iwe umayankhula ngati munthu wokhala ndi khomo lake. Apongozi adzandiyimirira mpaka ndimeze, kenako ati tsegula kukamwa ndione. Ndimadya pakhomo pawo ine. Mwinanso ndi masamba chabe."

Mwina. Mwana wa munthu kumuika pa "mwina".

Asisi anali oyamba m'kalasi kuposa ine. Lero akuchapa masokosi a nkhalamba, maso pansi. Nthawi zina ndimafuna kuwagwedeza mpaka mano agwe.

Loweruka, 16 Malichi

Maganizo anabwera ndikukazinga chitowe chakuda cha kasitomala. Chikasinjidwa n'kusakaniza ndi uchi, mtundu wake ndendende ndi timipira tija.

Ndakazinga, ndasinja, ndathira uchi. Kuti tiwawe ndaotcha makoko a nachesi ouma n'kuperamo. Poyamba ndinachulutsa, ndinalavula ndekha. Ndachepetsa. Munthu wa nseru kumuzunza mwezi wonse ndi chowawa chopanda ntchito, ayi. Ndaumba mpaka zikhato kuda bii.

Bambo: "N'chiyaninso chimenecho?" Ndati maswiti a ana. Anatola kamodzi, kutafuna, nkhope kukwinya. "Amenewa ana adzakutukwana." Bola.

Uchi wonse wa amayi watha. Adzaona Lamlungu, ndidzanama Lamlungu.

Lamlungu, 17 Malichi

Zatheka.

Masana Mayi Dou amakasewera juga ya majong kwa anzawo, angakhale kutagwa matalala. Laidi anapita nawo. Asisi anagona ndi Pandi kuchipinda. Ndinakwera pampando, malemu akundiyang'ana m'chithunzi muja ngati wapolisi. Kumasula kapepala, kuchotsa ka Pang, kuika kanga, kukulunga. Thukuta mpaka m'maso. Galu wa oyandikana nawo atauwa mtima unangoti phaa. Kapepala kamodzi kanang'ambika, ndakaika pansi penipeni.

Timipira ta Pang ndatitsekera m'chitini cha tiyi, kuseri kwa matumba a chitowe. Kamodzi ndakaswa ndi mpeni. M'kati mwa zakudazo muli timadontho toyera, ngati piritsi losinja mwachangu. Masamba ati oyera chonchi?

Ndasamba m'manja kawiri ndi sopo.

Asisi sindinawauze. Nkhope yawo sisunga chinsinsi, Mayi Dou angaiwerenge ngati kalendala.

Lolemba, 18 Malichi

Uthenga wa asisi pafoni, mawu amodzi: "Ndamwa."

Ndawayankha kuti chabwino. Tsiku lonse khutu kumsewu, kudikira Mayi Dou atulukire ndi bokosi m'manja. Sanabwere. Amene anabwera ndi amayi, atanyamula botolo la uchi lopanda kanthu. Ndati nyerere. Ati nyerere zake zotsuka ndi botolo lomwe?

Lachisanu, 7 Juni

Tsiku la mayeso olowera ku yunivesite. Msewu wa kusukulu atseka, magalimoto saloledwa kuliza hutala. Makolo mbwee pageti ndi maambulera. Ndinazungulira njira ya kumunda, tirigu atayanika m'msewu monse, kuti ndisaone geti limenelo. Ndinalionabe m'mutu.

Asisi mimba yatuluka. Anakajambulitsa ku chipatala cha ku boma, ati mtima ukugunda bwino, manja ndi miyendo zonse zilipo. Zoti ndi mwana wanji madokotala saloledwa kunena. Mayi Dou anayesa kumunyengerera nesi ndi mapichesi, anawabweza nawo. Tsopano akuti mimbayo ndi yosongoka, asisi akukonda zowawasa, ndiye kuti mankhwala agwira.

Ndiye lero ndikupukuta mabotolo chinthu chinandigwera. Akakhala mtsikana, asisi aona zakuda kuposa kale. Akakhala mnyamata, wapambana ndi Pang. Ndi chitowe changa.

Sindinaganize zimenezo mwezi wa Malichi. Sindikudziwa choti ndipemphe.

Lolemba, 14 Okutobala

Mnyamata.

Wonenepa, wolira ngati wabedwa. Zonse zili m'malo mwake. Asisi ali bwino, atopa basi. Ndinamuwerenga zala, kenako ndinatuluka kukalira kuchimbudzi, sindikudziwa chifukwa chake.

Mayi Dou anagwada pakhonde la chipatala. Alamu afika ndi lole yomwe, akugawa ndudu kwa aliyense, ngakhale kwa alonda. Kunyumba makombola mpaka agalu kuthawa m'mudzi. Laidi anatseka makutu n'kundifunsa ngati iye atabadwa anaphulitsanso. Ndati eya, ambiri kuposa awa. Bodza lachitatu chaka chino, ndipo lokhali ndi lomwe silikundiluma.

Mayi Dou atandiona: "Aphunzitsi! Timabokosi tanu tija tikuti bwanji lero?"

Ndinaluma lilime mpaka kulawa magazi.

Lamlungu, 20 Okutobala

Asisi ali m'mwezi wawo wa chikuta. Mawindo otseka, chipewa kumutu, saloledwa kukhudza madzi ozizira. Msuzi wa nkhuku m'mawa, mapazi a nkhumba masana, Mayi Dou kubweretsa okha pabedi n'kumauzira kuti uzizire. Pa Laidi ndi Pandi asisi anadzuka sabata isanathe n'kuyamba kuchapa matewera okha.

Atatuluka apongoziwo, asisi anandiyang'ana, mwana ali kubere. "Uchi unachulutsa."

Ndinati uchi wanjinso?

"Ukuganiza kuti chitowe cha bambo sindingachidziwe? Ndinakulira m'fungo limenelo. Tsiku loyamba lomwe, nditangoluma. Ndinakwinya nkhope mwezi wonse kuti asakayikire. Misozi inkatuluka yeniyeni, iwo ankati n'kuwawa."

Miyezi isanu ndi iwiri osandiuza! Ndimati nkhope yawo sisunga chinsinsi. Wopusa ndine.

Kenako anandigwira dzanja, mwamphamvu. "Usanene, mng'ono wanga. Chilowereni pakhomo pano sanandiitanepo dzina langa, ankangoti iwe. Pano akuti Ruolan. Undisiyire kaye kamphepo aka."

Ndinalonjeza. Pobwerera ndinadutsa kuseri kwa msika. Pakhoma la Pang papachikidwa nsalu yofiira ya zilembo zagolide, yothokoza, yochokera ku banja la a Dou. Pabenchi panja azimayi achikulire atatu, zikwama pamiyendo, kudikira.

Nsalu imeneyo ndaluka ndine.

Lamlungu, 3 Novembala

Chisanu chayamba. Amayi akuthira mchere kabichi wosunga. Madzi kutuluka m'masamba, masamba kufota. Ndinayamba kuwauza kuti mchere umakoka madzi m'maselo, ndinalekeza. Ndani wafunsa?

Iwo ndiwo anali ndi nkhani. Cuiping wayima, mimba yoyamba, miyezi iwiri. Apongozi ake, Mayi Feng, anapita kwa Mayi Dou kukafunsa njira ya kwa Pang. Ati bwanji tidikire atsikana awiri ngati anzathu, tingoyambiratu. Mayi Dou anawaperekeza okha.

Ndinasiya kabichi n'kulowa m'shopu. Chitini chili pomwe chija.

Koma Cuiping si asisi. Anakhala m'kalasi yomwe ija, anamva zomwe ndinamva, anaseka kuposa onse. Timabokosi ali nato, anakopera kwa ine. Akane yekha, pakamwa ali napo, ndinapamva pa ukwati.

Ndinalemba uthenga. Ndinafufuta. Ndikamuuza, mawa mudzi wonse udziwa, asisi msuzi uja watha. Ndipo a Feng sayamba kanthu osayang'ana kalendala. Nthawi ilipo.

Lachitatu, 6 Novembala

Anabwera.

Cuiping, pakhomo la shopu, chijasi chachikulu, nkhope yotuwa. Ati akufuna mafuta, botolo laling'ono. Kwa a Feng amagula mafuta a m'sitolo yaikulu, aliyense amadziwa. Ndinathira osamuyang'ana. Analipira. Osachoka. Kumangotembenuza botolo m'manja.

Kenako motsitsa mawu: "Peizhen, zija za X ndi Y zija, aphunzitsi a Shen ankati…"

Ndipo ine, pakamwa panga pano: "Imani patali, mayi a matailosi. Munganunkhe sabata yonse."

Ndinawasunga zaka ziwiri mawu amenewo. Ndinkawanola ndikamatsuka mabotolo. Ndimati tsiku lowabweza ndidzamva kukoma.

Anafiira mpaka m'makutu. Anati "pepani" ngati akuyankhula ndi munthu wachilendo, n'kutuluka. Botolo anasiya pakauntala.

Bambo, kuchokera kumakina: "Lilime limenelo lidzakudyetsa wekha." Ndati bola kudya ndekha kusiyana ndi kudya ndi anthu oseka anzawo.

Chakudya chamadzulo sichinalowe.

Lamlungu, 10 Novembala

Ndinapitanso kwa asisi. Ndati ndimasuleni pa lonjezo lija, kwa a Feng bokosi lafika. Anayang'ana kuchitseko. "Phwando la mwana kukwanitsa mwezi ndi Lachitatu. Lidutse kaye. Alendo aitanidwa, nkhumba yagulidwa. Likatha ndikawauza ndekha Mayi Feng, mwakachetechete."

Ndati nanga akayamba lisanafike? Ati sangayambe, masiku abwino mwezi uno ali kumapeto, Mayi Dou anatero.

Ndinavomera msanga. Msanga kwambiri. Chifukwa kudikira Lachitatu n'kosavuta kuposa kukagogoda kwa Cuiping n'kunena kuti ndinalakwa. Lonjezo la asisi ndalisandutsa bulangete lofunda. Pano pokha ndingalembe zimenezi.

Botolo lake likadali pakauntala. Amayi afuna kulibwezera pashelefu, ndawaletsa.

Lachitatu, 13 Novembala

Ndilembe mwadongosolo.

Phwando pabwalo la a Dou. Matebulo mpaka kumsewu, mazira ofiira m'mabeseni, mwana atamumeta n'kumuveka chipewa cha kambuku. Cuiping kunalibe, woyembekezera salowa phwando la mwana wa wina. Apongozi ake analipo, patebulo la azimayi.

Mayi Dou anasunga timipira titatu totsala. Anatiika pakambale pakati pa tebulo, m'timapepala take tagolide, kuti anthu aone chomwe chinabweretsa mdzukulu. Azimayi kumatiweramira ngati mafupa a woyera mtima. Ndipo ndinamva Mayi Feng akuti: "Wathu anayamba Lachinayi lapita. Pang anati osadikira kalendala, mimba yakula."

Lachinayi. Tsiku lotsatira nditamuthamangitsa.

Ndisanapeze mpweya, kukuwa. Laidi. Tsiku lonse palibe anamuyang'ana, palibe anamupakulira. Anaona zagolide, anayesa maswiti. Anakwawira pansi pa tebulo ndi kambale konse. Pomwe amamupeza n'kuti tiwiri titatha, kachitatu kali m'tsaya, milomo bii.

Mayi Dou anamukoka ngati thumba, zala kukhosi kwa mwana. "Lavula! Lavula, mwana wanga! Pang anati mwana asakhudze! Amera ndevu, mawu asintha! Jianbo, galimoto, chipatala!" Akulira zenizeni. Aka n'koyamba kuwaona atamukumbatira Laidi.

Mwana akutsamwa, maso atatuluka. Ine ndinadzuka, koma asisi anandipitirira. Anatuluka m'nyumba ndi khanda kumanja, chipewa chili kumutu, n'kunena osakweza mawu: "Musiyeni, amayi. Ndi chitowe ndi uchi. Anaumba ndi Peizhen. Ta Pang sindinalawepo ngakhale kamodzi."

Ngakhale timitengo todyera tinaima m'mwamba.

Kenako anawonjezera, ndipo mawu awa ndikufuna ndisadzawaiwale: "Chinthu choti mwana wa zaka zisanu asakhudze, munkafuna kuti wa miyezi iwiri adye m'mawa uliwonse?"

Amalume ena ogontha, chakumapeto kwa tebulo: "Nanga mnyamatayu wabwera bwanji?" Asisi: "Afunseni bambo ake." Wina anaseka, n'kusandutsa chifuwa. Alamu kumangoyang'ana nsapato.

Mayi Dou anachotsa zala kukhosi kwa mwana. Anamupukuta Laidi pakamwa ndi mkono wa malaya awo atsopano, n'kulowa m'nyumba, chitseko n'kutseka. Msuzi wa madzulo sunabwere, asisi andiuza pafoni. Ati palibe kanthu, manja ali nawo.

Mayi Feng anachoka phwando lisanathe. Ndinadzera kushopu, kutenga chitini, n'kuwatsatira kwawo. Geti lokhoma. Anayankhira m'kati: "A Dou anaberedwa ndi mtsikana wamisala, mwayi wawo mnyamata anabwerabe. Athu ndi enieni ndipo kiyi ndimasunga ine. Choka, usatilowetsere tsoka." Ndinaitana Cuiping mpaka mawu kusasa. Foni yake yozima. Katani ya m'mwamba inagwedezeka, kapena ndi maso anga.

Lachinayi, 14 Novembala

Chipatala cha ku boma, pabenchi. Ndikulembera pabondo.

Cuiping anabwera yekha m'mawa ndikutsegula shopu. Malaya a mwamuna wake ali m'kati mwa chijasi, masilipasi kuphazi, m'chisanu chimenechi. Anatambasula dzanja. Kampira kotafunidwa theka, konyowa. "La lero sindinameze. Ndinabisa pansi pa lilime. Ndinakumva dzulo."

Ndinamufunsa kuti wameza tingati. Sabata yathunthu.

Sindinatseke n'komwe shopu. Chitini m'chikwama, iye kumbuyo kwa kanjinga kanga kamagetsi. Njira yonse nkhope yake ili pamsana panga, m'jekete lomwe ndimayengera mafuta. Pa mlatho anati, "Ukununkhadi, mwali." Anafuna kuseka, zinatuluka zina.

Dokotala ndi mayi wa magalasi, wosaseka. Anaswa kamodzi, anayang'ana timadontho toyera tija nthawi yaitali, n'kutumiza chitini chonse kuti akapime. Anafunsa kuti ndachisunga kuyambira liti. Ndati Malichi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Malichi." Basi, sanawonjezere. Bola akanandimenya mbama.

Ndinamufunsa ngati sabata imodzi ingawononge. Ati zitengera chomwe chilimo, kuchuluka kwake, ndiponso ngati mwanayo ndi mtsikana. Ati sanganene lero, mwina ngakhale mwezi uno. Cuiping amutenga magazi. Tsopano tikudikira kujambula.

Ngati ndi mnyamata, mwina apulumuka. Ndiye ndakhala pano, ine Peizhen wa timabokosi, ndikupempha Y ngati Mayi Dou.

Cuiping wakhala pambali panga, thonje pamkono. Posachedwapa anati, osandiyang'ana: "Tsiku lija ndinabwera kudzakufunsa ngati ndikukumbukira bwino. Ndimati ukandiuza kuti eya, ndilimba mtima ndikane. Ndekha sindimadzikhulupirira, paja zonse ndinkangokopera."

Sananene mokwiya. Bola akanakwiya.

Za pa ukwati sanapepese. Mwina sakuzikumbukira n'komwe. Ine ndinasunga mawu ake zaka ziwiri. Tsopano iye ali ndi anga oti asunge, ndipo kaya adzawasunga zaka zingati, zidalira chomwe chili m'mimbamo.

Ndatsegula pakamwa kawiri kuti ndipepese. Mawu amene ndimanola amatuluka okha. Awa akukana.

Nesi waitana dzina lake. Wadzuka, wandigwira mkono wa jekete, ati usandisiye ndekha, tilowe tonse.